Filomena, Usatsalire Chifukwa cha Matenda Anga

Ntengo-Wambalame, Lachinayi masana

Filomena mwana wanga,

Iwe ndi amayi ako mwapita kukatsanzika kwa abale kutsidya kwa dambo, ine ndatsala pakhonde ndikulondera nyemba zimene tayanika kuti nkhuku zisamwaze. Ndiye ndati ndilembe. Zimene ndikufuna kukuuza si zoti bambo angakhale pansi ndi mwana wake wamkazi n'kumayang'anizana maso. Ndinayesa Lamulungu lija tikuchokera kutchalitchi, koma ndinangothera kukufunsa ngati nsapato zako sizikukuthina. Papepala ndikhoza kunena. Ukawerenge uli m'minibasi ya chapa mawa, kapena ukafika ku Tete n'kupumula.

Choyamba ndi ichi. Amayi ako andiuza kuti unawapempha andinyengerere kuti uchedwetse maphunziro ako a laboratoriyo mpaka chaka chamawa, uzindiperekeza kuchipatala ndi kudikira operasau yanga. Ndamva, ndipo ndathokoza. Koma ayi. Mawa ukwera chapa. Ndikufotokozera matendawa kuyambira pachiyambi kuti usapite ndi nkhani zodukaduka zimene unamvera kuseri kwa chitseko, chifukwa zodukadukazo ndi zimene zakuopsa. Komanso ntchito imene ukukaphunzirayi ndi yolandira magazi ndi mikodzo ya anthu, ndipo ambiri mwa anthuwo adzakhala azibambo ngati ine. Ndi bwino udziwe zimene zimakhala m'mutu mwawo akamakupatsira kabotolo kaja nkhope ili kumbali.

Matenda anga ndi a porositata. Ndi kachiwalo kamene ali nako amuna okha, pansi pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Munthu akamakula kamakulanso, n'kumafinya njirayo monga mmene madzi amachepera wina akaponda paipi yothirira kudimba. Inu mukaphunzira ndi zithunzi ndi mayina a Chipwitikizi. Ine ndinaphunzira ndi thupi langa, mochedwa.

Zinayamba nditangopitirira zaka sinkwenta, makumi asanu. Ukukumbukira kuti nthawi imeneyo ndinkatsogolera kwaya ya abambo. Ndinayamba kutuluka pakati pa mapemphero, ulaliki usanafike n'pakati pomwe. Ndikafika kuseri, madzi ongodontha, kuima nthawi yaitali, kubwerera m'kati ndikumva ngati sindinathe. Ndinasintha malo, ndinayamba kukhala pafupi ndi khomo, anthu akafunsa ndimati ndikufuna mpweya. M'chapa ndinkapempha amotorisita kuti aime, tsiku lina kobradoro wotolera ndalama anati, "Madala, kodi mwamwa mtsinje wonse?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Kuyambira tsiku limenelo ndinapeza nzeru yanga yopusa: ndinasiya kumwa madzi masana. Ndinkapita kumunda ndi botolo lodzaza, kubwera nalo lodzaza. Amayi ako anaona. Anati, "Bambo a Tomasi, madziwa mwabwera nawo bwanji?" Ndinati, "Lero kunazizira." Kuno ku Tsangano kumazizira ndithu, ndiye bodza limenelo linayenda nthawi yaitali.

Nditatopa ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono. Pamzere panali amayi ambiri odziwana nafe, ena a m'kwaya ya amayi. Nditalowa, anamwino anandifunsa chimene chikundivuta. Ndinati msana. Anandipatsa mankhwala a msana, chifukwa ndi zimene ndinanena. Ndinabwerera kunyumba ndi mapiritsi a matenda amene ndinalibe. Filomena, ukadzaona bambo wachikulire akunena kuti msana, kapena kutopa, kapena kuti sakugona bwino, maso ali pakhomo, usathamangire kulemba. Tseka chitseko, tsitsa mawu, ufunse funso lachiwiri. Munthu wa msinkhu wanga sayamba yekha kunena za kukodza pamaso pa mwana wamkazi. Koma akafunsidwa mwaulemu amayankha, chifukwa anabwerera zomwezo.

Tsopano za abambo ako aakulu, a Bernardo. Iwe unawadziwa atadwala kale, sunawaone ali amphamvu. Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ine ndinabwerera pamunda wa makolo kuno, iwo anakakwatira ku Macanga n'kutsegula kashopu ka ukalipentala ku Furancungo. Zitseko zambiri za kumeneko ndi manja awo. Chaka china tinayenda limodzi panjinga kupita kumaliro, ndipo iwo ankatsika pafupifupi pachitsamba chilichonse. Ndinawaseka. Ndinati, "Achimwene, tikafika atakwirira kale." Iwo anati, "Ukalamba nawe, udzaona." Tonse tinkayesa kuti ndi ukalamba basi, ngati imvi. Kenako anayamba kudandaula msana ndi chiuno, n'kumati ndi matabwa amene ankasenza. Anaonda. Pamene tinawatengera ku Tete, adotolo anatiuza kuti ndi khansa ya porositata, ndipo yafika kale m'mafupa. Anawapatsa mankhwala ochepetsa ululu ndi ena obweza matenda pang'ono, tinabwerera nawo ku Furancungo. Anakhalako nyengo imodzi ya mvula, yachiwiri sanaimalize.

Tsiku limene tinamva za khansalo, adotolo anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti ndine ndani. Ndinati mng'ono wawo, bere limodzi. Anati, "Ndiye inunso muyezetse. Matendawa amakonda kuyenda m'magazi a pabanja." Ndinati, "Sim, senhor doutor." Nthawi imeneyo n'kuti ine nditayamba kale kukhala pafupi ndi khomo kutchalitchi. Koma ndinatuluka m'chipindamo, ndinakagulira achimwene nthochi, tinakwera galimoto. Ndinkaopa kuti akandiyeza apeza zomwezo, ndipo ndinkaganiza kuti chimene sichinatchulidwe dzina sichinafike. Mwana wanga, mantha amtunduwu udzakumana nawo tsiku lililonse pantchito yako. Usadzawanyoze, komanso usadzawalekerere. Munthu akati adzabweranso mawa, mufunse kuti chikumuletsa lero n'chiyani.

Achimwene atamwalira, a Zakariya, aneba athu a mota aja, njinga yamoto ija, anandionetsa kanema pa telefoni yawo. Munthu wovala chovala choyera ankanena kuti asayansi atulukira mankhwala a zitsamba otsuka porositata, osafuna chipatala, osafuna mpeni. Ankalankhula bwino kwambiri, ndi zithunzi zoyenda. Pasanapite nthawi ndinaona mabotolo ofanana nawo pamsika wa ku Tsangano, pakati pa ogulitsa sopo ndi mabatire. Ndinagula mobisa, ndinkasunga m'nkhokwe. Anali owawa, ndipo ndinkati kuwawako ndiye mphamvu yake. Chimene anachita ndi kunditsegula m'mimba basi. Vuto lenileni linkakulirakulira, ine ndikudzitonthoza kuti ndili pa mankhwala. Sindikunena kuti zitsamba zonse n'zachabe, iwe wakula ndi zina ndipo zinakuthandiza pa chifuwa. Ndikunena kuti wogulitsa uja sanandiyeze, sanandifunse za achimwene, sanadziwe n'komwe ngati vuto langa linali kutupa kapena khansa. Anangondipatsa botolo limene akanapatsa aliyense. Ukadzamva mawu akuti kafukufuku wapeza, uzifunsa kuti wapeza ndani, anayesa pa anthu otani, ndipo amene akukuuzayo akugulitsa chiyani.

Tsiku limene njira inatsekeratu tinali kukumba kachewere kumunda wa kumtunda. Iwe unali ku shikola. Kuyambira m'mawa ndinkapita kuseri kwa mitengo, osatuluka kanthu, ngakhale dontho. Dzuwa likufika pamutu, mimba ya m'munsi inali itauma gwa ngati dzungu, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Ndinagwada pamzere. Amayi ako anataya khasu n'kubwera.

"Kodi ndi chiyani?"

"Msana," ndinatero.

"Msana umagwiritsa munthu kumimba? Nenani zoona, pano tilipo awiri."

Ndinanena. Anathamanga kukaitana a Zakariya. Anandikweza pa mota, amayi ako kumbuyo kwanga atandigwira. Msewu wa ku Tsangano umaudziwa mmene ulili. Dzenje lililonse ndinkalimva m'chikhodzodzo, ndipo ndinalira mokweza ngati mwana, a Zakariya akungoti, "Pepani, pepani, tafika," tisanafike n'komwe.

Kuchipatala anatilandira anamwino aamuna, achinyamata, ausinkhu wa mlongo wako Tomasi. Chimene anachita ndikufuna uchisunge. Anatulutsa anthu onse m'chipinda. Anapempha kapulana, chitenje cha amayi ako, n'kundifunditsa kuyambira m'chiuno. Asanandikhudze anandiuza m'Chichewa kuti, "Bambo, ndilowetsa kapaipi kakang'ono m'njira ya mkodzo, timati sonda. Kawawa pang'ono polowa, kenako mupepukidwa. Ndiyambe?" Anadikira mpaka nditavomera. Madzi atayamba kutuluka ndinamva ngati anditula thumba la chimanga limene ndinasenza kuchokera ku Furancungo. Koma chimene ndimakumbukira kwambiri si kupepukidwako. Ndi funso lija lakuti, ndiyambe? Zaka zonsezo ndinkathawa chipatala poopa kuvulidwa ulemu, ndipo munthu uja anandisiyira ulemu wanga wonse. Iwe ukadzagwira dzanja la munthu kuti utenge magazi, muuze chimene ukuchita, udikire avomere. Ngakhale mzere utalike bwanji panja.

Ndinakhala ndi sonda masabata angapo, thumba lake nditalimangirira kumwendo m'kati mwa buluku. Unkadabwa kuti bwanji ndikuyenda ngati ndavulala bondo. Chinali chimenecho.

Apa tsopano tafika pa nkhani imene ikukhudza ntchito yako mwachindunji, ndiye uwerenge mofatsa. Ananditumiza ku Tete kukatengetsa magazi, kuyeza chimene amati PSA. Rezulutado itatuluka, ndinapatsidwa pepala pawindo n'kuuzidwa kuti ndidzaonane ndi adotolo tsiku lina, chifukwa tsikulo anali ku operasau. Sindinafunse kanthu. Papepalapo panali nambala yanga, pambali pake nambala ya munthu wabwinobwino, ndipo yanga inali yokwera kwambiri. Nditafika kuno ndinapita nalo kwa a Zakariya, tinafufuza pa telefoni. Mawu oyamba amene tinaona anali akuti cancro, ndiye kuti khansa. Tinatseka telefoni. A Zakariya anavula chipewa.

Ndinabwera kunyumba ndikudziwa kuti ndikutsatira achimwene. Ndipo ndinachita zinthu mwadongosolo, monga umandidziwira. Kwaya ndinaipereka kwa wina. Bomba langa lopopera mankhwala ndinapatsa a Zakariya kuti likhale lawo. Inali nthawi yobzala kachewere kudimba, mbewu ili kale m'nyumba yophukira bwino, koma ndinati ndibzalirenji zimene sindidzakumba. Ndinawauza amayi ako malo amene ndikufuna kudzagona, pafupi ndi amayi anga. Tsiku loonana ndi adotolo litafika sindinapite, ndinati akandiuza chiyani chimene sindikudziwa. Iwe unkandiona nditakhala pakhonde tsiku lonse, unkayesa kuti ndi bondo lija likundiwawa. Silinali bondo. Ndinkadikira imfa, ndipo inkachedwa.

Amene anathetsa zimenezi ndi amayi ako. Tsiku lina m'mawa anaika madzi osamba, anatulutsa malaya anga a kutchalitchi, n'kunena kuti, "Ngati mukufa, mukafe adotolo atanena. A Zakariya ndi woyendetsa mota." Tinapita.

Adotolo anali amayi, ochokera kum'mwera, Chichewa sankachidziwa. Anayamba kufotokoza m'Chipwitikizi chothamanga, ine ndikungoti sim, sim, monga ndinachitira nthawi ya achimwene. Chipwitikizi changa ndi cha kumsika ndi ku administrasau, cha m'thupi sindichidziwa. Amayi ako anandigunda ndi chigongono n'kunena mokweza kuti, "Sakumva awa, akungovomera." Ndinachita manyazi, koma adotolo anaseka n'kuitanitsa anamwino a ku Angónia odziwa Chichewa kuti amasulire. Ndipo ndi pamene ndinamva zimene ndikanamva kalekale. Anati nambala ija payokha sinena kuti munthu ali ndi khansa. Imakwera porositata ikangokula, imakwera pakakhala matenda a m'njira ya mkodzo, imakweranso njira ikatsekeka n'kuikidwa sonda ngati mmene zinalili ndi ine. Anati ili ngati galu akauwa: umadzuka kukaona, koma sunadziwe ngati ndi wakuba kapena mbuzi yamasuka. Anandiyeza ndi chala, kuyeza kumene amuna timakuopa kuja, ndipo kunatha ndisanamalize n'komwe kuchita manyazi. Anandiunika ndi makina pamimba. Anandipatsa mankhwala, anati magazi tidzayezenso pakapita nthawi. Chifukwa cha mbiri ya achimwene, pambuyo pake anatengako tinyama tating'ono n'kutumiza kukaunika. Yankho linachedwa, koma linabwera. Sinali khansa. Inali porositata yokula basi.

Tinabwerera kuno, ndinakalowa m'chipinda chosungira mbewu. Kachewere yense anali atafota, mphukira zitatalika ngati zingwe, nyengo yobzala itapita. Chaka chimenecho dimba linagona, ndipo ukukumbukira kuti ndiwo zinavuta ndiponso yunifomu yako tinachita kuigamba. Bomba lija a Zakariya anabweza okha, akuseka, anati, "Tengani, amfumu akumanda akukanani."

Ukuona tsono, Filomena. Nambala imodzi yolembedwa papepala inagoneka dimba lathu chaka chathunthu. Nambalayo inali yoona, amene anayeza sanalakwitse. Chimene chinasowa ndi mawu oiperekeza, ndipo inenso sindinawapemphe. Iwe ukukakhala munthu wolemba manambala amenewo. Kwa iwe adzakhala ambirimbiri patsiku, kwa mwini wake ndi imodzi yokha, ndipo adzapita nayo kunyumba kukaiyang'ana. Uzionetsetsa kuti dzina lili pakabotolo ndi la munthu amene wamutenga magazi, ulembe iye akuona. Ukakayikira, bwereza, ngakhale akuluakulu ako akwiye kuti ukuchedwa. Ndipo popereka pepala, ngakhale kumasulira si udindo wako, unene mawu awiri okha: kuti pepalali silinamalize nkhani, akaonane ndi adotolo asanaganize chilichonse. Unene m'chilankhulo chimene munthuyo amalotera. Ku Tete ambiri amayankhula Chinyungwe, uchiphunzire msanga, sichili kutali ndi chathu. Munthu akamangoti sim, sim, umuuze abwereze zimene wamva.

Pa ulendo wotsatira ndinapita ndi mafunso anga, ndipo adotolo aja anandiuza zimene ofufuza akhala akupeza zaka zino. Ndikulemba monga ndinamvera, iwe ukakonza pamene ndaphonya. Anati amuna akuda khansa ya porositata imatipeza kawirikawiri ndiponso msanga kuposa ena. Anati amene bambo ake kapena mbale wake anadwala khansa imeneyi asadikire zizindikiro, ayambe kuyezetsa akalowa zaka za m'ma kwarenta, makumi anayi, chifukwa khansayi ikamayamba nthawi zambiri siwawa ndipo sitseka njira. Ichi chinandidabwitsa, ine ndinkayesa kuti kuvutika pokodza ndiye khansayo. Anatinso si khansa iliyonse ya porositata imene amathamangira kuchita operasau. Ina imakula pang'onopang'ono kwambiri moti amangoiyang'anira, kuyeza nthawi ndi nthawi, munthu n'kukalamba nayo. Kale, anati, ankadula ambiri amene sanafunike kudulidwa. Ndinafunsa kuti, ndiye madotolo akale ankanama? Anati ayi, ankachita zimene zinkadziwika nthawi imeneyo, ndipo zimene tikudziwa lero nazonso ena adzazikonza.

Yankho limenelo ndinalimvetsa chifukwa cha kachewere. Iwe unali wamng'ono pamene alangizi a zaulimi anabwera ndi mbewu yatsopano, n'kutiuzanso kuti tizipopera mankhwala a chiwawu masamba asanayambe kuda, osati atada kale. Ine ndinakana zonse ziwiri. Ndinati ndapopera bwanji mbewu yosadwala, ndipo mbewu ya makolo anga ndaisiya bwanji. Chaka cha mvula yambiri chiwawu chinapsereza munda wonse m'masiku ochepa. Chaka chotsatira ndinalumphira mbali ina, ndinabzala mbewu yatsopano munda wonse, ndipo kumunsi konyowa kuja sinachite bwino. Pamenepo ndi pamene ndinaphunzira kugawa munda, mizere ina yakale, ina yatsopano, n'kuona ndi maso anga pokumba. Ku institutu akakuphunzitsa zambiri zotsutsana ndi zimene wakula nazo. Usakazikane chifukwa n'zachilendo, usakazimezenso chifukwa wanena ndi wovala choyera. Uzifunsa kuti anadziwa bwanji. Aporofesolo abwino sakwiya ndi funso limenelo.

Ndiye mmene zilili lero ndi umu. Ndikumwa mapiritsi tsiku lililonse. Anathandiza, koma osati kwathunthu, ndipo adotolo akuti mvula ikatha andichite operasau yokuza njira ija. Si ya khansa. Ndafunsa zonse, nthawi ino m'Chichewa: ndikagona m'chipatala masiku ochepa, ndidzabwera ndi sonda kwa kanthawi, khasu ndi njinga ndidzazisiya mpaka atandilola. Zoopsa zilipo monga pa operasau iliyonse, anandiuza osabisa, ndipo ndasankha kuchita. Ondiperekeza alipo. Amayi ako waona kale kuti sachita nane masewera. A Zakariya alipo ndi mota yawo. Komanso operasauyo ikachitikira ku Tete komweko, kumene iwe udzakhale. Ukatsala kuno udzakhala kutali ndi ine tsikulo kuposa ukapita. Udzabwera kudzandiona ukaweruka m'kalasi, osati kuthawa kalasi. Ndabwereza: osati kuthawa kalasi.

Mlongo wako Tomasi ndamuuza. Popeza ndi iye anatenga shopu ya abambo ake aakulu ku Furancungo, ndinapita komweko mwezi watha, ndinamupeza akupala chitseko. Ndinamufotokozera zonse, za a Bernardo, za ine, ndi kuti iye ali m'magazi omwewo ndipo zaka zake zikadzakwana asadzadikire. Anapitiriza kupala osandiyang'ana, mpaka ndinayesa kuti sakumva. Kenako anaika pansi chopalira n'kunena kuti, "Nanga ana a abambo aakulu, awauza ndani?" Tinapita limodzi madzulo omwewo kukawauza. Iwe uzimukumbutsa zaka zikamapita. Mlongo amamvera mlongo wake pa zinthu zimene samvera mkazi wake.

Chinanso chimene sunachione. Chiyambireni kudwala kwanga, abambo a m'mudzi muno amabwera kudimba mmodzimmodzi. Amayamba ndi kufunsa mbewu, kapena kubwereka bomba. Timakamba za mvula, za mtengo wa feteleza. Akafika potsanzika amaima, amayang'ana kumapiri, n'kunena kuti, "Kodi zanu zija zinayamba bwanji?" Ndimawauza. Ena ndawaperekeza ndekha kuchipatala, kukhala nawo pamzere kuti asanene msana. Mayina awo sindikuuza, ndipo ichi ndi chimene ndikufuna uphunzirepo. Udzadziwa za m'magazi a anthu zimene ngakhale akazi awo sadziwa. Ena adzakhala a kuno kwathu, odziwana nafe. Ukabwera pa feriya, shikola itatsekera, anthu adzakufunsa mochenjera, ngakhale amayi ako akhoza kufunsa. Zimene waona ku laboratoriyo zizitsala ku laboratoriyo. Tsiku limene udzaulule za munthu mmodzi, mudzi wonse udzasiya kuyezetsa.

Zotsalazi ndi zazifupi, zambiri amayi ako akuuza kale. Ku Tete kumatentha moti sunaonepo, iwe mwana wa kuzizira. Uzimwa madzi ambiri, usatengere bambo ako. Uzigona m'neti, malungo a kumeneko si a kuno. Magolovesi uzivala nthawi zonse ngakhale anzako aziti akuchedwetsa, ndipo singano ikakubaya unene nthawi yomweyo, osabisa poopa kukalipiridwa. Upeze tchalitchi sabata yoyamba. Mwamuna amene adzakuuze kuti akhoza kukukonzera mayeso kapena malo a ntchito, umuthawe, kaya ndi wamkulu bwanji, ndipo undiuze. Ukalephera phunziro lina usabise mpaka chaka chithe, tiuze msanga. Ukadwala, pita kuchipatala tsiku lomwelo, ukanene chimene chikukuwawadi. M'banja muno obisa matenda takwana.

Telefoni uziimba Lamulungu masana, tikabwera kutchalitchi, nthawi imene ndimakwera pachulu paja pogwira netiweki. Ukandifunsa za thupi langa ndidzakuuza zoona, ndalonjeza. Iwenso uzitero.

Ndikumva mawu anu kumunsi kwa dambo, mukubwera, ndiye ndilekere pano ndikaole nyembazi. Ndinkafuna kukupatsa mphatso yopita nayo koma ndilibe choyenera munthu wa laboratoriyo. Chimene ndili nacho ndi ichi. Ndamva kuti ophunzira amavutika kupeza mtsempha poyamba, ndipo odwala amakwiya. Ine mitsempha yanga khasu linaitukumula, ikuoneka ngakhale uli patali. Tsiku limene aporofesolo ako adzakulole kutenga magazi a munthu, ngati ndili ku Tete, udzapemphe kuti munthuyo akhale ine. Ukaphonya, udzabayenso. Sindidzakoka dzanja.

Mulungu akutsogolere pa msewu, akupatse mutu wogwira ndi manja odekha.

Ndine bambo ako.